Nkhondo ya kum'mawa kwa Congo: M23 ndi ndani, nanga asilikali a Malawi analowamo bwanji?

Kumapeto kwa Januwale 2025 kunamveka nkhani ziwiri nthawi imodzi: zigawenga za M23 zalanda mzinda wa Goma kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, ndipo asilikali atatu a Malawi aphedwa pa nkhondoyo. M'masiku omwewo anafanso anzawo 14 a ku South Africa ndi awiri a ku Tanzania. Funso lomwe linali pakamwa pa anthu, pa wailesi ndi pa Facebook pomwe, linali lakuti: kodi ana athu akukafera chiyani ku Congo? Ena ankayankha kuti ndi nkhondo ya migodi basi. Ena ankati ndi chidani chakale cha Ahutu ndi Atutsi. Enanso ankangodabwa kuti kadziko ngati Rwanda kangasautse bwanji chidziko ngati Congo.

Mayankho onsewa ali ndi choonadi chake, koma palibe limene likukwana palokha. Nkhondoyi ndi milandu ingapo yomwe inalukana: wa unzika ndi malo, wa chitetezo cha Rwanda, wa chuma cha pansi pa nthaka, ndi wa kufooka kwa boma la ku Kinshasa. Mapangano a mtendere akhala akusainidwa kangapo konse, koma kawirikawiri amamasula mfundo imodzi n'kusiya zinazo zili chimangire.

## Malo ake

Dziko la Congo ndi lalikulu pafupifupi kuwirikiza ka 20 kukula kwa Malawi, pomwe Rwanda kukula kwake n'kofanana ndi Chigawo cha Kumpoto cha kuno kwathu. Koma kukula kumanamiza. Likulu la Congo, Kinshasa, lili kumadzulo kwenikweni, mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuchokera ku Goma, ndipo pakati pake pali nkhalango yowirira yopanda msewu wodalirika. Wofuna kupita ku likulu amakwera ndege. Kuchokera ku Goma kukafika ku Kigali, likulu la Rwanda, ndi ulendo wa maola ochepa pa galimoto. Goma weniweniyo wagundana ndi tauni ya Gisenyi ya ku Rwanda, moti amayi ogulitsa masamba ndi nyemba amawoloka malire wapansi m'mawa n'kubwerera madzulo. Ku Kinshasa anthu amayankhula Chilingala, ku Goma amayankhula Chiswahili.

Nkhondo ikuchitikira m'zigawo za North Kivu ndi South Kivu, komanso ku Ituri kumpoto kwake. Ndi dziko la mapiri, la mvula yambiri ndi nthaka yachonde, ndipo anthu ake ndi othithikana. M'zigawo zimenezi muli magulu onyamula zida opitirira 100. M23 ndi limodzi chabe mwa iwo, kungoti ndi lamphamvu kuposa onse.

## Ndani mwini dziko?

Mchewa aliyense angamvetse msanga chiyambi cha mlanduwu. Achewa ali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, osati chifukwa anasamuka dzulo, koma chifukwa malire a atsamunda anadutsa pakati pa midzi yawo. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndipo mafumu a m'maiko atatuwa amasonkhana kumeneko pa mwambo wa Kulamba. Palibe amene amauza Mchewa wa ku Katete kuti, poti chiyankhulo chako n'cha ku Malawi, longedza uzipita kwanu. Tsono tayerekezani kuti tsiku lina kwatuluka lamulo lonena kuti iye ndi mlendo, munda wake si wake, ndipo kuvota sangavote. Izi ndi zomwe zinawaonekera anthu oyankhula Chinyarwanda ku Congo.

Anthu amenewa sanafike nthawi imodzi, ndipo apa ndi pomwe pavutira nkhani. Ena, monga a ku Rutshuru, anali pomwepo malire asanalembedwe. Ena, omwe amatchedwa Banyamulenge, ndi abusa a ng'ombe omwe anakhazikika pamapiri a ku South Kivu kalekale. Ena anabweretsedwa ndi atsamunda a ku Belgium kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kuti azigwira ntchito m'maesiteti a ku Masisi. Enanso, makamaka Atutsi, anathawa zipolowe za ku Rwanda kuyambira 1959. Mu 1972 boma la Mobutu Sese Seko linapereka unzika kwa ambiri a iwo. Mu 1981 boma lomwelo linasintha lamulo n'kunena kuti nzika ndi yekhayo amene mtundu wake unali m'dzikomo pofika 1885. Munthu yemwe anabadwira ku Masisi, bambo wake n'kubadwiranso komweko, anangodzuka ali mlendo.

Koma nawo a mitundu ina monga Ahunde ndi Anyanga ali ndi dandaulo lawo lomwe silopeka. Minda ya makolo awo inaperekedwa kwa obwera popanda kufunsa mafumu awo. M'nthawi ya Mobutu anthu achuma, ena mwa iwo oyankhula Chinyarwanda, anapeza mapepala a malo akuluakulu n'kuwasandutsa msipu wa ng'ombe, eni midzi n'kutsala opanda polima. Mu 1993, chiwembu cha ku Rwanda cha mu 1994 chisanachitike n'komwe, anthu zikwi zambiri anaphedwa ku Masisi pa mikangano ya malo ndi ufumu. Aliyense pa nkhondoyi ali ndi manda omwe angaloze.

## 1994 ndi nkhondo ziwiri zikuluzikulu

Pa 6 Epulo 1994 ndege yonyamula mtsogoleri wa Rwanda, Juvénal Habyarimana, inawomberedwa. M'masiku pafupifupi 100 otsatira, asilikali a boma ndi magulu a achinyamata Achihutu anapha anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, komanso Ahutu omwe anakana kupha nawo. Chinali chiwembu chofuna kufafaniziratu mtundu wonse. Gulu lonyamula zida la RPF, lomwe ambiri ake anali Atutsi, lotsogozedwa ndi Paul Kagame, yemwe pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa Rwanda, linagonjetsa bomalo mu Julayi, ndipo Ahutu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Congo, yomwe pa nthawiyo inkatchedwa Zaire. Ambiri anali anthu wamba amantha. Koma pakati pawo panali omwe anachita zakuphazo, ali ndi mfuti zawo, ndipo anayamba kulamulira misasa ya othawa kwawo pafupi ndi Goma n'kumawoloka malire kukaukira Rwanda.

Mu 1996 Rwanda ndi Uganda analowa mu Zaire, anaphwasula misasa ija, nathandiza chigawenga chakale Laurent-Désiré Kabila kugwetsa Mobutu mu Meyi 1997. Pa ulendo umenewo Ahutu ambiri othawa kwawo anaphedwa m'nkhalango, ndipo lipoti la United Nations la mu 2010 linalemba zambiri za imfa zimenezi. Ubwenzi wa Kabila ndi omwe anamuika pampando sunakhalitse. Mu Ogasiti 1998 inabuka nkhondo yachiwiri: Rwanda ndi Uganda mbali iyi, Zimbabwe, Angola ndi Namibia mbali ya Kabila. Pangano losiya kumenyana linasainidwa ku Lusaka mu 1999, mkhalapakati ali Frederick Chiluba, koma mfuti sizinaleke kulira. Kabila anawomberedwa mu Januwale 2001, mwana wake Joseph Kabila n'kulowa m'malo, ndipo zokambirana za ku South Africa zinabala boma logawana maudindo mu 2003. Bungwe la International Rescue Committee linayerekeza kuti anthu 5.4 miliyoni anafa pakati pa 1998 ndi 2007, ambiri ndi njala ndi matenda. Akatswiri ena amati chiwerengerochi n'chokwera, koma palibe amakana kuti anthu anatha.

Otsala a Ahutu onyamula mfuti omwe anathawa ku Rwanda aja anapanga gulu la FDLR mu 2000. Dzina limeneli mulisunge, chifukwa limabwera pa zokambirana zilizonse mpaka lero.

## Gulu lotchedwa ndi tsiku la pangano

M23 ndi chidule cha tsiku: 23 Malichi 2009. Patsikuli boma la Congo linasainirana pangano la mtendere ndi gulu la CNDP, lomwe ankalitsogolera akuluakulu a nkhondo Achitutsi a ku Congo. Woyambitsa wake, Laurent Nkunda, anali atamangidwa ku Rwanda miyezi iwiri m'mbuyomo. Panganolo linati zigawengazo zilowe m'gulu lankhondo la boma, CNDP isanduke chipani, ndipo othawa kwawo abwerere ku minda yawo.

Njira imeneyi, yolowetsa zigawenga m'gulu lankhondo la boma, Congo yaigwiritsa ntchito kambirimbiri, ndipo iyenera kumvetsetsedwa bwino chifukwa ndi mankhwala omwe amabweretsanso matenda. Mtsogoleri wa zigawenga amapatsidwa yunifomu ndi udindo wa Colonel kapena General, koma anyamata ake amakhalabe pansi pa iye, m'dera lomwelo, akumvera iye osati Kinshasa. Pa pepala gulu lankhondo ndi limodzi, pansi pali magulu awiri. Boma likafuna kuwasamutsira kuchigawo china, amagalukira. Ndipo mnyamata wakumudzi amaphunzirapo kuti njira yachidule yopezera udindo ndi kunyamula mfuti kaye.

Ndi mmene zinayendera mu Epulo 2012. Asilikali akale a CNDP anagalukira, ponena kuti boma silinasunge pangano la 23 Malichi. Mmodzi wa atsogoleri awo, Bosco Ntaganda, ankafunidwa ndi bwalo la milandu la padziko lonse la ICC ku The Hague, lomwe pambuyo pake linamulamula kukhala kundende zaka 30. Mu Novembala 2012 M23 inalanda Goma asilikali a United Nations akungoyang'ana, ndipo inatulukamo patapita masiku khumi okha maiko atakakamiza. Mkulu wa asilikali ake, kuyambira nthawi imeneyo mpaka pano, ndi Sultani Makenga.

## Ulendo woyamba ndi wachiwiri wa Malawi

Pano pali chisokonezo chachikulu, chifukwa asilikali athu apita ku Congo pansi pa maina awiri osiyana, ndipo ntchito zake ndi zosiyananso.

United Nations ili ndi asilikali ku Congo kuyambira 1999, ndipo kuyambira 2010 ntchitoyo imatchedwa MONUSCO. Awa ndi aja ovala zisoti za buluu, osungitsa mtendere. Mwambo wawo ndi woti amabwera eni dziko atavomera, sakondera mbali, ndipo amawombera podziteteza kapena poteteza anthu wamba. Manyazi a ku Goma mu 2012 anachititsa kuti mu Malichi 2013 Security Council, komiti ya maiko 15 yoona za chitetezo ku United Nations, ichite zachilendo: inakhazikitsa gulu lapadera la asilikali pafupifupi 3,000 lololedwa kuyamba lokha kuthira nkhondo zigawenga. Gululi, Force Intervention Brigade, linapangidwa ndi South Africa, Tanzania ndi Malawi. Pothandizana ndi asilikali a boma la Congo, linagonjetsa M23 mu Novembala 2013, otsala ake n'kuthawira ku Uganda ndi Rwanda.

Asilikali a Malawi anapitiriza kutumikira m'gulu limeneli, makamaka ku Beni, polimbana ndi zigawenga zina za ADF, zomwe zinachokera ku Uganda ndipo pano zimagwirizana ndi Islamic State. Mu Novembala 2018 Amalawi asanu ndi mmodzi anaphedwa kumeneko. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akukoka mnzake wa ku Tanzania yemwe anavulala kuti amuchotse pomwe zipolopolo zimagwera. Mnzakeyo anapulumuka. Mu 2019 United Nations inalemekeza Chitete ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa womwe bungweli limapereka kwa wosungitsa mtendere wolimba mtima. Ndi dzina lomwe ana a sukulu kuno kwathu ayenera kulidziwa.

Ulendo wachiwiri unali wa SADC, bungwe la maiko a kummwera kwa Africa, lomwe Congo ndi membala wake. M23 inayambiranso nkhondo mu Novembala 2021, ndipo mu Juni 2022 inalanda tauni ya Bunagana pamalire ndi Uganda. Mtsogoleri wa Congo, Félix Tshisekedi, anayamba waitana asilikali a maiko a kum'mawa kwa Africa motsogozedwa ndi Kenya. Iwo anaima pakati osamenya nkhondo, Tshisekedi sanakondwe, ndipo anachoka mu Disembala 2023. Mwezi womwewo munalowa asilikali a SADC, pa ntchito yotchedwa SAMIDRC, ochokeranso ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Maziko ake anali pangano la SADC la mu 2003 loti membala akaukiridwa anzake amuthandize, ija amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Awa sanapite kukaima pakati. Anapita kukathandiza boma la Congo kumenya M23. N'chifukwa chake Kagame, pokangana poyera ndi Cyril Ramaphosa wa ku South Africa mu Januwale 2025, ananena kuti SAMIDRC si yosungitsa mtendere koma ndi mbali imodzi ya omenyana.

Maiko atatu omwewo, mdani yemweyo, nanga chinasintha n'chiyani? Mu 2013 M23 inali itagawanika, magulu a Ntaganda ndi Makenga atamenyana okhaokha. Maiko opereka thandizo anali ataimika ndalama zina zopita ku Rwanda, ndipo chithandizo cha M23 chinaphwa. Asilikali athu anali ndi ndege za nkhondo za helikopita za South Africa pamwamba pawo, ndipo ndalama zonse zinkachokera ku United Nations, yomwe masiku ano imabwezera dziko lotumiza asilikali madola opitirira 1,400 pa msilikali aliyense pamwezi. SAMIDRC inkadalira matumba a mamembala a SADC eni ake, inalibe chitetezo chokwanira cha mumlengalenga, ndipo inakumana ndi M23 ya zida zamakono, kuphatikizapo zogwetsera ndege. Tauni ya Sake, makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku Goma, itagwa, asilikali a SADC anatsekeredwa m'misasa yawo, bwalo la ndege litatsekedwa.

Pa 5 Febuluwale 2025 Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, analamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera kubweza asilikali a Malawi, ponena kuti akufuna kupereka mpata ku zokambirana. Pa 13 Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchito yonseyo, ndipo kuyambira kumapeto kwa Epulo asilikali ndi katundu wawo anatuluka pa msewu, kudzera mu Rwanda momwemo, kupita ku Tanzania. Kaya wina akuti kupitako kunali koyenera kapena ayi, mabanja a asilikali ndi mtundu wonse ayenera kumauzidwa momveka, asilikali asananyamuke, ngati akupita kukaima pakati kapena kukamenya nkhondo.

## Zomwe Kigali ndi Kinshasa amanena

Boma la Congo limati M23 ndi chovala chabe, mkati mwake muli Rwanda, ndipo cholinga ndi kulanda malo ndi migodi. Akatswiri omwe United Nations inawatuma kufufuza analemba mu 2024 kuti asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000 anali m'dziko la Congo akumenya nkhondo pamodzi ndi M23. Pa 21 Febuluwale 2025, M23 italandanso Bukavu, likulu la South Kivu, mamembala onse a Security Council anagwirizana kuuza Rwanda kuti ichotse asilikali ake. America inaika zilango pa James Kabarebe, nduna ya boma la Rwanda yemwe kale anali mkulu wa asilikali.

Kwa zaka zambiri Rwanda yakhala ikukana kuti imathandiza M23. Imati M23 ndi nzika za Congo zomwe zikumenyera ufulu wawo, ndipo zomwe Rwanda yachita pamalire ndi njira zodzitetezera ku FDLR. Akatswiri a United Nations omwewo analembanso kuti akuluakulu ena a asilikali a Congo akhala akugwirizana ndi FDLR polimbana ndi M23, choncho dandaulo limeneli lili ndi poyambira. Otsutsa amayankha kuti FDLR ya lero ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi gulu lankhondo la Rwanda, ndipo ambiri mwa anyamata ake anabadwa 1994 itadutsa. A ku Kigali amati chiwerengero si nkhani, nkhani ndi maganizo ofuna kupulula mtundu omwe gululo likusungabe. Rwanda imasunganso othawa kwawo a ku Congo zikwi makumi ambiri, ambiri mwa iwo Atutsi, ena akhala m'misasa kuyambira m'ma 1990.

Wina angafunse chifukwa chake maiko olemera amazengereza kukakamiza Rwanda. Mbali ina ya yankho ndi yakuti Rwanda inadzipanga kukhala yofunika. Ili m'gulu la maiko otumiza asilikali ambiri ku ntchito za United Nations, ndipo kuyambira Julayi 2021 asilikali ake akulimbana ndi zigawenga ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, komwe kuli ntchito yaikulu ya gasi ya kampani ya ku France ya TotalEnergies. Okonda mpira anaona mawu oti Visit Rwanda pa mkono wa jezi ya Arsenal kuyambira 2018. Mu Febuluwale 2025 nduna yoona za maubale ndi maiko ena ya Congo inalembera Arsenal, Bayern Munich ndi Paris Saint-Germain kuwapempha kuti athetse mapangano amenewo.

## Ulendo wa thumba la coltan

Coltan ndi mchenga wakuda wolemera womwe amayengamo chitsulo chotchedwa tantalum. Chitsulochi chimapangira tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi m'mafoni, m'makompyuta ndi m'ndege. Migodi ya ku Rubaya, m'dera la Masisi, akuti imatulutsa pafupifupi 15 pa 100 iliyonse ya tantalum wa padziko lonse. M23 inalanda Rubaya kumapeto kwa Epulo 2024.

Musaganize za mgodi wa makina akuluakulu. Ku Rubaya anthu amakumba ndi mafosholo ndi mapiki, m'maenje opanda zochirikiza zokwanira omwe amagumuka mvula ikagwa. Dothi amalitsuka m'ngalande za madzi mpaka patsale mchenga wakuda uja, amauyanika, n'kuuthira m'matumba. Wokumba amagulitsa kwa wogula wamng'ono yemwe ali ndi sikelo pafupi ndi dzenje, iyeyo amanyamula pa njinga yamoto kukagulitsa kwa wamalonda wamkulu wa mutauni, ndipo katunduyo amathera ku madoko a Mombasa kapena Dar es Salaam, kupita ku mafakitale oyenga, ambiri a ku Asia. Gulu la zida silifunika kukumba. Limangoika chotchinga pamsewu n'kumatolera msonkho pa wokumba, pa thumba ndi pa galimoto. Akatswiri a United Nations anayerekeza kuti M23 imapeza madola pafupifupi 800,000 pamwezi kuchokera ku Rubaya, ndipo anati coltan wakumeneko amazembetsedwera ku Rwanda n'kusakanizidwa ndi wa komweko. Pali ndondomeko yomata tizizindikiro pa matumba kuti zidziwike komwe achokera, koma mchenga ukasakanizidwa palibe angausiyanitse ndi maso. Golide ndiye wosavuta kuzembetsa kuposa zonse, poti wa ndalama zambiri amakwana m'thumba la malaya, ndipo wambiri amadutsira ku Uganda, Rwanda ndi Burundi kupita ku Dubai.

Anthu ambiri amasokoneza migodi imeneyi ndi ya cobalt, chitsulo cha mabatire a galimoto zamagetsi. Congo imatulutsa pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya cobalt wa padziko lonse, koma ameneyo ali kummwera, ku Katanga, moyandikana ndi Copperbelt ya Zambia, kutali ndi komwe kuli nkhondoyi, ndipo migodi yake yambiri ili m'manja mwa makampani a ku China. Migodi ya ku Kivu imadyetsa nkhondo ndi kuitalikitsa, ndipo imapatsa akuluakulu a mbali zonse, a boma omwe, chifukwa chosafunira kuti ithe. Koma mkangano wa malo ndi unzika unalipo foni ya m'manja isanafike m'midzi.

## Ndale za ku Kinshasa

Tshisekedi analowa m'boma mu Januwale 2019 pa chisankho chomwe ambiri, kuphatikizapo oyang'anira chisankho a mpingo wa Katolika, anakayikira zotsatira zake. Martin Fayulu mpaka pano amati anapambana ndi iye. Yemwe analengeza zotsatirazo anali Corneille Nangaa, wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho. Nangaa yemweyo, mu Disembala 2023 ku Nairobi, anakhazikitsa mgwirizano wa Alliance Fleuve Congo, womwe M23 ndi msana wake, ndipo amanena poyera kuti cholinga ndi kusintha boma ku Kinshasa. Apa nkhondo ya ku Kivu inalowa m'ndale za dziko lonse.

Tshisekedi anayamba kulamulira mogwirizana ndi Joseph Kabila, koma anasemphana kumapeto kwa 2020. Pa kampeni ya 2023 kudzudzula Rwanda kunali nyimbo yokopa mavoti, moti anafika poyerekeza Kagame ndi Hitler, ndipo anapambana ndi mavoti 73 pa 100 aliwonse. Mtsogoleri yemwe walonjeza anthu kuti sadzakhala pansi ndi M23 zimamuvuta kubwerera pa mawu ake. Mu 2024 anayambitsanso nkhani yosintha malamulo oyendetsera dziko, otsutsa n'kumati akufuna kuwonjezera nthawi yake pampando. Kabila anaonekera ku Goma, m'dera la M23, mu Meyi 2025, ndipo mu Sepitembala bwalo la asilikali linamugamula kuti aphedwe pa mlandu woukira dziko, mwini wake palibe.

Gulu lankhondo la Congo ndi lalikulu pa chiwerengero, koma msilikali wamba amalandira zochepa, nthawi zina mochedwa, ndipo katangale wa akuluakulu ndi wodziwika. Pofuna kutseka mpatawo boma linadalira asilikali a Burundi, asilikali aganyu ochokera ku Romania omwe pafupifupi 300 anadzipereka Goma atagwa, ndi magulu a m'midzi otchedwa Wazalendo, kutanthauza okonda dziko lawo m'Chiswahili. Kugawa mfuti kwa magulu oterewa n'kosavuta, kuzilanda n'kovuta, ndipo nawonso amanenedwa kuti amazunza anthu wamba.

## Omwe akusenza katundu

Pofika mu 2024 anthu pafupifupi 7 miliyoni a ku Congo anali atathawa m'makomo mwawo koma ali m'dziko momwemo. Pa kulandidwa kwa Goma kokha, United Nations inati anthu pafupifupi 3,000 anafa. Ku Kishishe, mu Novembala 2022, bungweli linati M23 inapha anthu wamba osachepera 171. Kugwirira amayi ndi atsikana kwakhala chida cha nkhondo kwa zaka zambiri, ndipo malipoti amatchula magulu a zigawenga ndi asilikali a boma omwe. Dr Denis Mukwege wa chipatala cha Panzi ku Bukavu analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa chothandiza amayi oterewa. Goma atagwa mabanki anatsekedwa, moti munthu wokhala ndi ndalama ku akaunti ankasowa yogulira ufa.

Ena mwa anthu amenewa ali pakati pathu. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, wokonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ndipo ambiri ndi ochokera ku Congo. Thandizo la chakudya lakhala likuchepa, ndipo mu 2023 boma linabweza ku msasawu othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni. Nkhondo ikakula ku Kivu, pakapita miyezi zimaonekera pa mzere wolandirira thandizo ku Dzaleka.

## Mapangano ndi pomwe akukodwa

Amkhalapakati asinthana kangapo. João Lourenço wa ku Angola ankayanjanitsa Congo ndi Rwanda ku Luanda, Uhuru Kenyatta wa ku Kenya ankayanjanitsa boma ndi magulu a zida ku Nairobi. Msonkhano wa Tshisekedi ndi Kagame womwe unayenera kuchitika ku Luanda pa 15 Disembala 2024 unalephereka chifukwa Rwanda inkafuna kuti Congo ikambirane ndi M23 mwachindunji, Congo n'kukana. Pa 18 Malichi 2025 Tshisekedi ndi Kagame anakumana mwadzidzidzi ku Doha, pamaso pa mfumu ya Qatar. Kuyambira pamenepo nkhani yayenda m'njira ziwiri. Ku Washington nduna za Congo ndi Rwanda zinasaina pangano pa 27 Juni 2025, ndipo atsogoleri eni ake analitsimikiza pamaso pa Donald Trump pa 4 Disembala. America sinabise kuti ikufunanso mwayi wa makampani ake m'migodi ya Congo. Ku Doha boma la Congo ndi M23 anasaina mfundo zotsogolera zokambirana pa 19 Julayi. Patangopita masiku ochepa chisainireni pangano la mu Disembala, M23 inalowa mu Uvira, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, pafupi ndi Bujumbura, ndipo anthu zikwi zambiri anathawira ku Burundi.

Pangano la ku Washington likuti Congo ithane ndi FDLR ndipo Rwanda ichotse njira zake zodzitetezera. Kinshasa imamva kuti asilikali a Rwanda atuluke kaye. Kigali imamva kuti FDLR ithe kaye. Koma madera ambiri omwe FDLR imabisalamo ali m'manja mwa M23 kapena moyandikana nawo, komwe asilikali a boma sangafikeko. M23 nayo sinasaine nawo ku Washington, ndipo m'madera omwe inalanda yaika abwanamkubwa ake, apolisi ake ndi otolera msonkho ake. Boma likuti kubwezeretsa ulamuliro wa dziko kukutanthauza kuti M23 ichoke ku Goma ndi Bukavu. M23 ikuti sichoka. Akagwirizana pa zimenezi padzatsalabe funso la komwe ankhondo a M23 adzapite, m'gulu lankhondo la boma ngati mu 2009 kapena kumudzi, ndi funso la othawa kwawo omwe ali ku Rwanda, omwe akabwerera ku Masisi ndi Rutshuru adzapeza anthu ena akulima minda yomwe iwo amati ndi yawo.